Makalasi a Chingerezi ndi gulu la macheza la alendo mumzinda: zimene ndaona m'miyezi 9

Munthu akafika mumzinda wachilendo umene anthu ake amalankhula Chingerezi, chimene chimayamba kumupweteka mtima n'kuona kuti mawu amene ali nawo m'mutu sakubwera pa nthawi imene akuwafuna. Ine ndinafika ndi Chingerezi cha kusukulu, chimene chinkandikwanira powerenga kalata ndi podzaza fomu, koma tsiku limene ndinaimba foni kuchipatala kuti andipatse tsiku lokaonana ndi dokotala, ndinangotolapo mawu awiri kapena atatu pa zonse zimene wolandira foniyo ananena, ndipo foni inaduka ndisakudziwa ngati andilemba kapena ayi. Sabata yotsatira ndinakalembetsa ku malo ena ophunzitsa alendo Chingerezi, amene amayendetsa ntchito ziwiri m'nyumba imodzi, makalasi okhala ndi mphunzitsi ndiponso gulu la macheza limene amalitsogolera anthu ongodzipereka. Ndakhala ndikupita konse kuwiri kwa miyezi 9, ndipo ndalemba izi poganizira mnzanga aliyense amene wangofika kumene ndipo akufuna kudziwa chimene angayembekezere ku malo otere.

Ndinene msanga kuti malowa andithandiza ndipo ndimawayamikira ndi mtima wonse. Komabe muyezo umene ndawayezera ndi umodzi wokha, ndiwo kuchuluka kwa mphindi zimene wophunzira amakhala akulankhula yekha pa sabata, munthu wina akumumvetsera. Pa muyezo umenewu, gulu la macheza, limene akuluakulu a malowa amaliona ngati chinthu chongowonjezera, ndilo limasenza katundu wolemera, ndipo vuto lalikulu limene ndapeza ndi lakuti kalasi ndi gululi zimayendetsedwa ngati kuti sizidziwana.

Kulembetsa kunali kosavuta, koma kudikira kunali kwautali. Dzina langa linakhala pa mndandanda wa odikira masabata 7, ndipo m'masabata onsewo palibe amene anandiuza kuti gulu la macheza silifuna kulembetsa, munthu amangofika n'kukhala pansi. Ndinazimva mwangozi kwa mayi wina amene ndinakumana naye pakhomo tsiku la mayeso oyezera pamene Chingerezi cha munthu chafika. Masabata oyamba ndiwo amene mlendo amakhala wosungulumwa kwambiri ndiponso wofunitsitsa kuphunzira, choncho kuwataya chifukwa cha uthenga umene wolembetsa akanatha kunena m'chiganizo chimodzi ndi kulakwa kumene sindingakuchepetse. Kalata yondiitana nayonso inalembedwa m'Chingerezi cha muofesi, cha ziganizo zitalizitali, chikhalirecho ikupita kwa anthu amene akupempha kuti aphunzitsidwe chinenerocho.

Mayeso aja anali a magawo awiri, pepala la mafunso a galamala ndi kuwerenga, kenako kucheza ndi mphunzitsi kwa mphindi pafupifupi 10. Malowa amagawa ophunzira potsata muyezo umene bungwe la mayiko a ku Ulaya la Council of Europe linafalitsa m'chaka cha 2001, umene uli ndi masitepe 6, kuyambira A1 ndi A2 a ongoyamba, B1 ndi B2 a apakati, mpaka C1 ndi C2 a odziwa kwambiri. Ubwino wa muyezowu ndi wakuti umayang'ana zimene munthu angathe kuchita ndi chinenerocho, monga kufotokoza vuto lake kwa dokotala kapena kutsatira nkhani ya pa wailesi, ndipo umalola kuti kumva, kulankhula, kuwerenga ndi kulemba kuyezedwe padera. Kwa ine zinaoneka kuti kuwerenga kunali pa B1 pamene kumva kunali pa A2, koma popeza kalasi imafuna kuti munthu aikidwe pamalo amodzi, anandiika potsata pepala lolemba. Anthu ambiri amene anaphunzira Chingerezi kusukulu za kwawo ali ngati ine, maso awo ali patsogolo ndipo makutu ali m'mbuyo, choncho ndikulangiza kuti pocheza ndi mphunzitsi tsiku limenelo munthu anene poyera pamene pakumuvuta, asalole kuti pepala limulankhulire.

Kalasi yathu imakumana kawiri pa sabata, maola awiri tsiku lililonse, ndipo pamene tinkayamba tinalipo 18. Aphunzitsi athu ndi mayi odekha, amene ali ndi satifiketi yophunzitsira Chingerezi ya CELTA yochokera ku yunivesite ya Cambridge, imene munthu amaipeza akaphunzira maola pafupifupi 120 ndi kuphunzitsa maola 6 akuyang'aniridwa. Maphunziro amenewo ndi aafupi, ndipo luso limene ndinaona mwa mayiwa linali loposa pamenepo, lochokera ku zaka zambiri zomvetsera alendo akulimbana ndi lilime lawo.

Phunziro limene sindidzaliiwala linali la sabata yachitatu. Analemba pabolodi funso lalifupi limene tonse tinaliwerenga mosavuta, kenako anatembenuka n'kulinena pa liwiro limene anthu amalankhulira m'basi, ndipo palibe aliyense wa ife amene analizindikira. Apa m'pamene anatifotokozera chinthu chimene zaka zonse za kusukulu sizinandiuze, chakuti wolankhula Chingerezi amagogomeza mawu ochepa okha amene asenza tanthauzo, ndipo timawu tina tonse ta pakati amatifinya mpaka mavawelo ake kusanduka kaliwu kofooka kotchedwa schwa, kamene ndiko kamamveka kawirikawiri kuposa vawelo ina iliyonse m'chinenerocho. N'chifukwa chake "going to" amamveka ngati "gonna", ndipo "what do you" amamveka ngati liwu limodzi. Ife amene tinakula ndi chinenero chimene phatikizo lililonse limatchulidwa lonse n'kuthera pa vawelo, khutu lathu limadikira maphatikizo amene sadzabwera, ndipo pamene tikuwadikira wolankhulayo amakhala atafika kale pa chiganizo chachitatu. Kuchokera tsiku limenelo ndinasiya kudziimba mlandu wa kusamvetsera, ndinayamba kutchera khutu ku mawu ogogomezedwa okha, ndipo nkhani za anthu zinayamba kutseguka pang'onopang'ono.

Pa katchulidwe, mayiwa ankagwira ntchito mosamala kwambiri. Chingerezi chili ndi zilembo 26 koma maliwu ake ndi pafupifupi 44, ndipo pafupifupi 20 mwa amenewa ndi mavawelo, pamene ife tili ndi mavawelo 5 okha. Motero "ship" ndi "sheep" kwa ine anali liwu limodzi, chimodzimodzinso "hat", "hut" ndi "heart". Aphunzitsi ankadziwa kale kuti anzathu olankhula Chiarabu amavutika kusiyanitsa "p" ndi "b" chifukwa chinenero chawo chilibe "p", ndiponso kuti olankhula Chisipanishi amaika "e" patsogolo pa mawu ngati "school". Za chinenero changa sankazidziwa, ndipo chimene chinandikhudza mtima n'chakuti sananamizire kudziwa. Anandifunsa, ndipo nditawafotokozera kuti kwa ife "l" ndi "r" sizisintha tanthauzo la mawu, ndiponso kuti "iye" amaimira mwamuna ndi mkazi yemwe, analemba m'kope mwawo. Sabata yotsatira anabwera ndi pepala langa ndekha la mawu monga "collect" ndi "correct", "light" ndi "right", komanso kankhani ka banja lina kondizoloweretsa kusankha "he" kapena "she" mosaima. Mphunzitsi amene amafunsa wophunzira za chinenero chake amamulemekeza, ndipo amapeza msanga pamene pagona vuto.

Phunziro la foni linalinso labwino kwambiri. Anatikhazika awiriawiri titafulatirana kuti tisaonane nkhope, wina n'kukhala wolandira foni kuchipatala ndipo wina wodwala, ndipo tinayeserera kutchula dzina chilembo ndi chilembo, kusiyanitsa "thirteen" ndi "thirty" potengera pamene pagogomezedwa, ndi kupempha munthu kuti abwereze kapena alankhule pang'onopang'ono popanda kupepesa kambirimbiri. Anatiphunzitsanso kubwereza tsiku ndi nthawi zimene tauzidwa foni isanaduke, kuti wolandirayo atsimikize. Patapita masabata awiri ndinaimbanso foni kuchipatala kuja ndipo ndinalembedwa. Ndikanakonda kuti maphunziro amtunduwu akhale ochuluka, chifukwa m'miyezi 9 anali osapitirira 5.

Masiku ena onse tinkatsatira buku, ndipo bukulo silinalembedwere anthu ngati ife. Mitu yake inali yokhudza kusungitsa chipinda kuhotela, kufotokoza za tchuthi chimene munthu anasangalala nacho, ndi masewera amene amakonda, pamene ambiri m'kalasimo tinali ndi kalata ya mwini nyumba m'thumba, kapena kapepala ka malipiro kamene sitinkamvetsa chimene chadulidwapo, kapena uthenga wochokera kusukulu ya mwana umene umafuna yankho pofika Lachisanu. Galamala imene ili m'bukumo ndi yolondola ndipo ndi yofunika, makamaka nthawi za aneni ndi timawu "a" ndi "the" timene zinenero zambiri zilibe, koma galamala yomweyo ikanaphunzitsidwa bwino lomwe pogwiritsa ntchito makalata enieni amene tinkabwera nawo. Aphunzitsi ankayesetsa kupatula mphindi zomaliza kuti atiwerengere makalatawo, koma zinkaoneka kuti anamangidwa ndi ndondomeko yakuti bukulo lithe pofika kumapeto kwa teremu.

Tsiku lina ndinawerengetsera nthawi. Mwa mphindi 120 za kalasi, pafupifupi theka limapita ku kufotokoza kwa aphunzitsi, kuitana maina, kumvetsera mawu ojambulidwa ndi kudzaza mipata m'buku. Mphindi 60 zotsalazo zikagawidwa kwa anthu 18 olankhula mmodzimmodzi, aliyense amapeza mphindi 3 ndi kachidutswa, ndipo amanyazi sapeza n'komwe chifukwa olimba mtima amatenga gawo lawo. Zinthu zimasintha pokhapokha aphunzitsi akatiika awiriawiri kapena atatuatatu, pamene chipinda chonse chimalankhula nthawi imodzi, ndipo masiku amene izi zinachitika ndiwo ndinkatuluka nditatopa koma nditapindula. Ndinawerengetseranso maola a chaka. A Cambridge amanena kuti munthu amafuna maola ophunzitsidwa pafupifupi 180 mpaka 200 kuti afike pa A2, 350 mpaka 400 kuti afike pa B1, ndi 500 mpaka 600 kuti afike pa B2. M'miyezi 9 tinaphunzira masabata 32, kutanthauza maola 128, amene sakwana ngakhale kukwera sitepe imodzi kuchoka pa A2 kapena pa B1. Sindikuimba malowa mlandu pa zimenezi, pakuti zipinda ndi aphunzitsi ndi ochepa, koma akanachita bwino kuuza wophunzira aliyense tsiku loyamba kuti kalasi payokha singamufikitse kumene akufuna, kuti asadzagwe mphwayi poganiza kuti mutu wake ndiwo wouma.

Gulu la macheza limakumana kamodzi pa sabata, madzulo, kwa mphindi 90, m'chipinda chachikulu cha pansi. Mulibe kuitana maina, mulibe mabuku, mulibe mayeso. Munthu akalowa amalandiridwa pakhomo, amalemba dzina lake pa kapepala komata pachifuwa, ndipo amakhala pa tebulo la anthu 4 kapena 5 pamodzi ndi wodzipereka mmodzi. Pa tebulo lililonse pamakhala khadi ya mafunso a mutu wa tsikulo, monga ntchito, nyengo, kayendedwe ka mabasi kapena kulera ana, koma nkhani ikakhotera kwina palibe amene amaibweza. Pakati pa nthawi belu limalira ndipo anthu amasintha matebulo. Pa tebulo la anthu 5, ngati wodziperekayo akudziwa ntchito yake, aliyense amalankhula mphindi zoposa 15, zimene ndi zochuluka kuposa zimene ndimalankhula m'makalasi onse awiri a sabata.

Kusiyana kumeneku ndi kwakukulu chifukwa kumva chinenero ndi kuchilankhula ndi maluso awiri. Merrill Swain, katswiri wa ku Canada, anafufuza ana olankhula Chingerezi amene ankaphunzira maphunziro awo m'Chifalansa kwa zaka zambiri, ndipo m'chaka cha 1985 anafotokoza kuti ngakhale anawo ankamva Chifalansa bwino kwambiri, kalankhulidwe kawo kanali kotsalira, chifukwa sankakakamizika kupanga ziganizo zawozawo. Mfundo yake inali yakuti munthu amazindikira chimene sakuchidziwa pa nthawi imene akuyesa kuchinena n'kupeza kuti chasowa. Ndinaziona ndekha pa tebulo tsiku limene ndinkafuna kufotokoza kuti mpopi wa m'nyumba mwanga wakhala ukudontha kwa masabata atatu. Kapangidwe ka chiganizo chotere ndinali nditakadzaza molondola m'buku kambirimbiri, koma pakamwa sikanabwere, mpaka bambo wina wodzipereka atabwereza zimene ndinanena m'njira yolondola ngati kuti akungotsimikiza kuti wamva. Ndinachinenanso, ndipo kuyambira pamenepo chinakhazikika.

Bambo ameneyu, wachikulire amene anapuma pantchito, ndiye chitsanzo cha mmene ntchitoyi iyenera kugwiridwira. Akafunsa funso amakhala chete n'kudikira, nkhope yawo ili yomasuka, ngakhale patapita kanthawi kamene kwa ena kangaoneke kochititsa manyazi. Mary Budd Rowe, katswiri wa maphunziro wa ku America, anapeza m'zaka za m'ma 1970 kuti aphunzitsi ambiri akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, ndipo kuti akadikira masekondi 3 kapena kuposerapo mayankho amatalika ndipo amene ankakhala chete amayamba kuyankha. Ngati zili choncho kwa ana oyankha m'chinenero chawo, nanji kwa munthu wamkulu amene ayenera kumva funso, kupeza yankho, kusaka mawu, kuwaika m'ndondomeko ndi kulimba mtima kuti awatulutse. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa tebulo la bamboyu ndaonapo anthu amene kwa mwezi wathunthu ankangogwedeza mutu akufotokoza nkhani yonse ya ntchito imene ankagwira kwawo.

Koma odzipereka sali ofanana, ndipo apa m'pamene gululi limafooka. Alipo ena, a mtima wabwino ndithu, amene amaopa bata moti wophunzira akangoima pang'ono amamumalizira chiganizo, ndipo pamapeto pake mphindi 45 zimatha iwo akusimba za moyo wawo ife tikumwetulira. Alipo ena amene sakonza cholakwa chilichonse poopa kukhumudwitsa munthu, ndipo zotsatira zake n'zakuti munthu amalankhula mosadodoma koma zolakwa zake zimamera mizu. Alipo enanso ochepa amene amakonza liwu lililonse mpaka wolankhulayo kuiwala chimene amafuna kunena. Chimene chinandipweteka kwambiri ndi tsiku limene wodzipereka wina watsopano anafunsa aliyense pa tebulo chifukwa chimene anachokera kwawo. Mnyamata wina amene anathawa nkhondo anayang'ana pansi, anayesa kuyankha, mawu anamuthera, ndipo sanabwerenso kwa masabata angapo. Wofunsayo sanafune kulakwa, koma palibe amene anamukonzekeretsa. Maphunziro a madzulo amodzi okha, ofotokoza za kudikira, kakonzedwe ka zolakwa ndi mafunso oyenera kupewedwa, akanateteza zonsezi, ndipo sindikumvetsa chifukwa chimene malo okhala ndi aphunzitsi aluso m'chipinda cha pamwamba angalephere kuchita zimenezi kwa odzipereka a m'chipinda cha pansi.

Vuto lina laling'ono ndi lakuti anthu a chinenero chimodzi amakonda kukhala tebulo limodzi, ndipo nkhani ikavuta amabwerera ku chinenero chawo. Sindiwadzudzula, pakuti munthu amene watha sabata yonse asanamve liwu la kwawo ali ndi ludzu lomveka, koma wolandira anthu pakhomo akanatha kuwagawa mwaulemu n'kuwasiyira nthawi yawo macheza akatha.

Poyamba ndinkadandaula kuti nthawi yambiri pa tebulo ndimamvetsera Chingerezi cha alendo anzanga, chimene chili ndi zolakwa ngati changa, m'malo momvetsera eni chinenero. Maganizo amenewa ndinawasintha nditayamba ntchito, chifukwa ndinapeza kuti woyang'anira wanga, woyendetsa basi, namwino ndi wogulitsa m'sitolo, ambiri mwa iwo anaphunzira Chingerezi atakula, aliyense ndi katchulidwe kake. Padziko lonse anthu olankhula Chingerezi ngati chinenero chachiwiri ndi ochuluka kuposa amene anabadwa nacho, ndipo mumzinda waukulu zimenezi zimaoneka tsiku ndi tsiku. Mawu ojambulidwa a m'kalasi ndi omveka bwino ndiponso a katchulidwe kamodzi, pamene tebulo la macheza limazoloweretsa khutu ku Chingerezi chimene munthu adzakumane nacho kunja. Pa tebulo pomwepo m'pamenenso ndinamva zinthu zimene palibe buku limene likanandiuza, monga kumene munthu angapite mwini nyumba akakana kukonza chinthu, ndi mmene ena anayankhira mafunso pofunsira ntchito. Safunsa anadya phula, ndipo mlendo amafuna malo amene angafunse funso laling'ono popanda kuchita manyazi.

Tsopano ndifike pa chimene ndinachitchula poyamba, kusadziwana kwa ntchito ziwirizi. Paul Nation, katswiri wa ku New Zealand, anawerengetsera m'chaka cha 2006 kuti munthu amafuna mabanja a mawu, kutanthauza liwu pamodzi ndi mawu ena ochokera kwa ilo, pakati pa 6,000 ndi 7,000 kuti adziwe mawu 98 pa mawu 100 alionse a m'zolankhula, ndi pakati pa 8,000 ndi 9,000 kuti afike pamenepo m'zolembedwa. M'kalasi mwathu timapatsidwa mawu atsopano pafupifupi 20 pa sabata, amene m'masabata 32 amakwana 640, ndipo ngakhale ochepawa ambiri amatayika. Hermann Ebbinghaus anaonetsa kale m'chaka cha 1885 kuti chinthu chimene munthu wangophunzira chimaiwalika mofulumira kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, ndipo kuti kuchibwereza patapita nthawi ndiko kumachisunga. Gulu la macheza ndilo malo abwino obwerezera mawu a m'kalasi, koma odzipereka sadziwa chimene taphunzira sabata imeneyo, ndipo aphunzitsi sadziwa pamene tinakakamira pa tebulo. Sabata ina tinaphunzira mawu a kuchipatala Lachiwiri, ndipo madzulo a tsiku lotsatira khadi ya pa tebulo inali ya masewera. Pepala limodzi lochoka kwa aphunzitsi kupita kwa odzipereka sabata iliyonse, lokhala ndi mutu ndi mawu 20 aja, likanawirikiza phindu la zonse ziwiri popanda kulemba ntchito munthu wina. M'khonde mulinso shelefu ya timabuku tolembedwa m'Chingerezi chophweka, togawidwa potsata masitepe omwe aja a A1 mpaka C1, timene tingathandize munthu kukumana ndi mawu omwewo kambirimbiri, koma palibe mphunzitsi kapena wodzipereka amene anatitchulapo, ndipo ine ndinatipeza ndikudikira kuti mvula ikate.

Nthawi za makalasi ndi zovuta kwa ogwira ntchito za mashifiti. Kalasi yathu ndi ya m'mawa, ndipo lamulo ndi lakuti munthu akajomba katatu motsatizana malo ake amaperekedwa kwa wina wa pa mndandanda. Lamuloli ndi lomveka poganizira amene akudikira, koma limagwera kwambiri anthu amene apeza ntchito imene ndandanda yake imasintha sabata ndi sabata, ndipo mwa 18 amene tinayamba tatsala 11. Amayi a ana aang'ono saloledwa kulowa nawo m'kalasi, ndipo palibe chipinda chosungira ana. Gulu la macheza ndi lachifundo pa zonsezi, munthu akhoza kusowa mwezi wathunthu n'kubweranso osafunsidwa kanthu, ndipo mwana wa kumsana salepheretsa mayi ake kukhala pa tebulo. Kwa mwezi umodzi, pamene nyumbayo inkakonzedwa, zonse zinasamukira pa intaneti. Kalasi inayenda bwinoko, koma macheza anafa, chifukwa ambiri ankalowa ndi foni, mawu ankadukaduka, ndipo kudikira kuja kumene kumathandiza pa tebulo kunkangooneka ngati netiweki yathawa.

Amene akufuna satifiketi yolowera kuyunivesite kapena yolembetsera ntchito ya ukatswiri adziwe kuti malowa sakonzekeretsa anthu mayeso a Chingerezi monga a IELTS, amene ali ndi magawo 4 a kumva, kuwerenga, kulemba ndi kulankhula, ndipo amapereka magiredi mpaka 9. Macheza angathandize pa gawo lolankhula, limene limatenga mphindi 11 mpaka 14 munthu akucheza ndi woyesa, koma kalembedwe kamene mayesowo amafuna sikaphunzitsidwa kuno, ndipo ogwira ntchito pamalowa amanena zimenezi moona mtima akafunsidwa.

Anthu amene malowa amawalephera kwambiri ndi amene sadziwa kuwerenga. Kalasi ya ongoyamba imasakaniza munthu amene anamaliza yunivesite m'chinenero china, amene akungofuna kuzolowera zilembo zatsopano, ndi munthu amene sanakhalepo pa desiki chibadwire. Mayi amene anandiuza za gulu la macheza pakhomo paja ndi mmodzi wa otere. Ndi mayi wachikulire, wanzeru, amene amalankhula zinenero zitatu, koma sanapite kusukulu, ndipo anaikidwa m'kalasi imene tsiku loyamba lomwe anapatsidwa pepala la mipata yoti adzaze. Anandiuza kuti ankagwira cholembera n'kumayang'ana mmene dzanja la mnzawo likuyendera, ndipo atapirira masabata 5 anasiya. Kuphunzitsa munthu wamkulu kuwerenga koyamba, m'chinenero chimene sakuchilankhulanso, ndi luso lapadera limene limafuna kagulu kakang'ono, nthawi yaitali ndi mphunzitsi wophunzitsidwa zimenezo, ndipo malo amene amati ndi a alendo onse ayenera kukhala nalo.

Mayiwa sanasiye gulu la macheza. Amabwera sabata iliyonse, amasankha tebulo la bambo odikira aja, amene amawawerengera khadi ya mafunso motsitsa mawu ngati kuti akuwerengera tebulo lonse, ndipo tsopano amalankhula Chingerezi momasuka kuposa ambiri a ife amene timadziwa galamala. Koma kalata ikabwera kunyumba kwawo amaisunga m'chikwama mpaka tsiku la macheza kuti wina awawerengere, ngakhale itakhala ya kuchipatala. Mwezi watha ine ndi anzanga 6 tinalembera akuluakulu a malowa kupempha zinthu zitatu, kalasi ya kuwerenga ya akuluakulu ongoyamba, maphunziro aafupi a odzipereka, ndi pepala la sabata lolumikiza kalasi ndi macheza. Anatiyankha mwaulemu kuti pepalalo liyamba teremu ikubwerayi ndipo za odzipereka akuziganizira, koma kalasi ya kuwerenga idikira mpaka atapeza mphunzitsi ndi chipinda. Ine ndalembetsanso teremu imeneyo, ndipo mayiwa ndawalonjeza kuti tizifika mphindi 30 macheza asanayambe, tizikhala m'khonde pafupi ndi shelefu ija, tiyambe ndi zilembo za dzina lawo.